MPHAMVU YOGULA NDI MTIMA WAKALE

Kuwerenga: Machitidwe a Atumwi 8:9-24

 Lero ndikupereka moni wapadera kwa abale ndi alongo a m'minda ya tiyi ku Zimbabwe, ku Honde Valley ndi ku Chipinge, kumene makolo ambiri ochokera ku Malawi anapita kukagwira ntchito, ndipo ana ndi adzukulu awo akali komweko.

Amene anafikako ku Honde Valley akudziwa kuti kulowa m'chigwacho n'kosavuta, pakuti msewu umangotsetsereka. Ntchito ili potuluka. Galimoto yochokera ku Hauna itasenza katundu imakwera chitunda chokhotakhota, injini ikulira ngati ikupempha chifundo. Katundu si yekha wolemetsa. Injini imatentha mafuta mothandizidwa ndi mpweya, ndipo mukamakwera mapiri mpweyawo umanka nupepuka: pa mamita 300 alionse, injini wamba imataya pafupifupi magawo 3 pa 100 a mphamvu yake.

N'chifukwa chake anyamata ena amalakalaka kuikitsa turbo. Chipangizochi anachilembetsa m'chaka cha 1905 katswiri wa ku Switzerland, Alfred Büchi. Utsi wotuluka m'injini umazunguza kagudumu ka mapiko, nthawi zoposa 100,000 pa mphindi imodzi, ndipo kagudumuko kamazunguza kanzake kamene kamakankhira mpweya wochuluka m'injini. Mpweya ukachuluka, mafuta amapsa ambiri, mphamvu n'kukwera. Ndi nzeru yabwino ndithu, ndipo malole ambiri a dizilo a masiku ano amatuluka nayo kufakitale.

Koma mvetsani, abale. Injini yobadwa ndi turbo anaipangira mapisitoni olimba, njira ya oyilo yopita ku turboyo, kawirikawiri ndi choziziritsira mpweya, ndiponso kachitseko kotayira utsi pambali mphamvu ikafuna kupyola muyezo. Tsono munthu akagula turbo yakale n'kuimangirira pa injini yotopa, sabata yoyamba amapitirira anzake onse pachitunda. Kenaka kutentha kumakula, gasiketi imapsa, pisitoni imang'aluka, ndipo galimoto imene inkafika Mutare pang'onopang'ono imagona pambali pa msewu. Makaniko woona mtima amayamba wapima za m'kati. Akapeza kuti zatha, amakana ndalama zanu.

M'ndime yathu muli munthu amene anafuna mphamvu yotere. Simoni anali wamatsenga wotchuka ku Samariya. Filipo atalalika, Simoni anakhulupirira, nabatizidwa, namatsatira Filipo. Mfundo imeneyi musaidumphe: munthuyu anali wa mumpingo, monga inu ndi ine. Ataona kuti anthu akulandira Mzimu Woyera pamene Petro ndi Yohane akuwasanjika manja, anatulutsa ndalama kuti nayenso apatsidwe ulamuliro umenewo. Petro sanafunse kuti ndi zingati. Anamudzudzula mwaukali, namuuza kuti mtima wake sunali wolungama pamaso pa Mulungu, ndi kuti alape. Dzina linali litalembedwa m'kaundula, koma m'kati munali Simoni wakale uja, wokonda kuti anthu azimugwadira.

Kufuna mphamvu si tchimo. Moyo uli ndi zitunda zake: malipiro osakwana, matenda, sukulu fizi ya ana, ukalamba m'dziko limene ena amakutchanibe mlendo. Ambuye mwini analonjeza ophunzira ake mphamvu pa Machitidwe 1:8, koma anawauza kuti ayambe adikira ku Yerusalemu, ndipo iwo anakhala m'kupemphera kufikira tsiku la Pentekoste. Palibe amene analipira kanthu.

Chimene chimandiwawa ndi ichi. Mayi amalawirira m'mame, dengu kumsana, kuthyola tiyi amene amamuyeza pa sikelo kilo ndi kilo, kenaka ndalamayo akaipereka kwa munthu amene akugulitsa kabotolo ka madzi kapena ka mafuta, ati muli mphamvu ya Mulungu. Mayi, ndalama imeneyo kagulireni ana ufa. Wogulitsayo akuchita malonda omwe aja Petro anawatemberera. Ndipo ife alaliki tisadzipatule. Mlaliki amalandira mphatso yeniyeni, anthu namuthamangira, koma ngati m'kati mulibe kudziletsa, kumene Paulo anakuwerengera pa zipatso za Mzimu pa Agalatiya 5, ameneyo ndi injini yopanda kachitseko kaja. Amagwa, ndipo amagwa ndi onse amene anakwera naye.

Pa vesi 24 Simoni anapempha atumwi kuti amupempherere, poopa chilango. Koma Petro anali atamuuza kuti apemphe yekha kwa Ambuye. Inunso usiku uno, musanagone, tchulani pamaso pa Mulungu tchimo limene mukulidziwa ndi dzina lake: ngongole imene mukuizemba, mkwiyo pa kapitawo, banja lina limene mwabisa. Ngati pali wina woti mukamupepese, mupite mawa lino.

Sabata ya mawa tidzatsagana ndi Filipo pa msewu wopita ku Gaza, kuyambira vesi 26. Ambuye akusungeni.