Mukamapita ku Mangalande Kukagwira Ntchito, Tsogozani Umoyo wa Banja Lanu

Ndikulankhula makamaka ndi inu anamwino, aphunzitsi ndi ena amene mwapeza ntchito ku Mangalande ndipo mukukonzeka kusamuka pamodzi ndi mabanja anu.

Ulendo wokasaka ntchito kunja si wachilendo kwa ife Amalawi. Makolo athu ankapita ku Joni kudzera ku Wenela, kufikira 1974 pamene ndege inagwa ku Francistown ndi kupha anthu athu ambiri, ndipo Boma linaimitsa ulendowo. Ambiri mwa amene anabwerako anadza ndi zifuwa zoonongeka ndi fumbi la m'migodi. Mu 2019 khoti la ku Johannesburg linavomereza chipukutamisozi cha R5 biliyoni kwa anthu otere, koma kuti munthu alandire, pamafunika umboni wa ntchito yake ndi wa matenda ake. Phunziro lake nali: kudziko la eni, pepala limalankhula kuposa pakamwa.

Tsono taganizani za banja limene lili ndi mwana wodwala khunyu, kapena mayi wa matenda a shuga, kapena bambo amene amamwa ma ARV. Kuno kwathu amadziwa tsiku lawo la kuchipatala, ndipo adokotala amawadziwa. Tsiku limene akwera ndege, zonsezi zimatsala. Mankhwala akatha asanaonane ndi katswiri, mwana uja angagwe pakati pa usiku m'nyumba imene makolo ake sadziwa ngakhale woyandikana naye.

Choyamba, musananyamuke pitani kwa dokotala amene amaona wodwala wanu, kaya ndi ku Queen Elizabeth, ku Kamuzu Central, ku Zomba kapena ku Mzuzu, mukapemphe kalata ya m'Chingerezi yofotokoza dzina la matenda, zimene anapeza poyeza, dzina lenileni la mankhwala ndi muyeso wake. Tengani buku la kuchipatala la munthu aliyense ndi khadi la sikelo la mwana aliyense, pakuti anamwino a kumeneko adzafuna kuona katemera amene analandira kale. Pemphaninso mankhwala okwanira miyezi yoyambirira, ndipo muwasunge m'mapaketi ake. Dziwaninso kuti wochokera ku Malawi, wofuna kukakhala ku Britain kupitirira miyezi 6, ayenera kuyezetsa chifuwa chachikulu pamalo ovomerezeka asanapemphe viza.

Chachiwiri, dziwani ufulu wanu ndi mtengo wake. Zipatala za boma kumeneko zimayendetsedwa ndi bungwe la NHS, limene linakhazikitsidwa mu 1948. Kuyambira 2015 anthu obwera kudzakhala nthawi yaitali amalipira msonkho wa zaumoyo popempha viza, ndipo mu February 2024 unakwezedwa kufika pa £1,035 pachaka kwa wamkulu ndi £776 kwa mwana. Anamwino ndi madokotala a viza ya Health and Care Worker, pamodzi ndi mabanja awo, salipira msonkhowu. Koma mphunzitsi wa mkazi ndi ana atatu awerengetsere bwino asanasaine kalata ya ntchito. Osamalira okalamba analetsedwa kutenga mabanja awo kuyambira pa 11 March 2024, ndipo mu July 2025 njira yowalembera kuchokera kunja inatsekedwa. Munthu akakulonjezani ntchito yoteroyo ndi kukuuzani kuti mulipire ndalama, chenjerani naye.

Chachitatu, ndipo apa ndi pamene ambiri amakhumudwa: ku Mangalande simungangofika pakhomo la katswiri ndi kugogoda. Monga momwe kuno chipatala chaching'ono chimatumizira wodwala kuchipatala cha boma, ndi cha boma kuchipatala chachikulu, kumenekonso njira imayambira kwa dokotala wa m'dera, amene amamutcha GP. Iye ndiye amalemba kalata yokutumizani kwa katswiri wa ana, wa mtima kapena wa ubongo. Choncho sabata yoyamba yomweyo lembetsani banja lonse kwa GP, ngakhale palibe amene akudwala. Kulembetsako n'kwaulere. Musadikire kuti mwana ayambe watentha thupi.

Mukatumizidwa kwa katswiri, khalani okonzeka kudikira. Cholinga cha NHS ku England nchakuti wodwala ayambe kuthandizidwa pasanathe masabata 18, koma mu 2023 mndandanda wa odikira unapitirira 7 miliyoni. Apa mpamene kalata ija ya kwathu imagwira ntchito, pakuti GP akaiwerenga angathe kupitiriza mankhwala ambiri pamene mukudikira, ndipo angalembe kuti nkhani yanu njofunika changu. Matenda akakula muli pamndandanda, bwererani kwa iye mukanene. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Ife tinaleredwa kuti tisamavutitse dokotala ndi mafunso, koma kumeneko wokhala chete amayesedwa kuti ali bwino. Ngati Chingerezi cha kuchipatala chikukuvutani, pemphani womasulira. Pa zadzidzidzi zoopseza moyo imbani 999. Pofuna uphungu wamsanga imbani 111.

Amayi oyembekezera sayenera kudikira GP. Angathe kudzilembetsa okha kwa azamba, ndipo amalimbikitsidwa kutero pathupi pasanakwane masabata 10. Mwana akabadwa amamuyeza magazi a pachidendene patsiku lachisanu, ndipo mwa matenda amene amafufuza muli sickle cell, amene amapezeka kwambiri pakati pa ife anthu akuda. Chithandizo cha HIV ku England nchaulere kwa aliyense kuyambira 2012, ndipo chinsinsi chanu chimasungidwa. Musasiye mankhwala chifukwa cha manyazi kapena kuopa bwana wa ntchito. Pa mankhwala ena, ku England munthu amalipira ndalama yoikika, imene mu 2024 inaikidwa pa £9.90 pa mtundu uliwonse, koma ana osakwana zaka 16, amayi oyembekezera ndi odwala khunyu amene ali ndi chikalata chowamasula salipira. Ku Scotland ndi ku Wales mankhwalawa ngaulere.

Ndikumbutse zinthu ziwiri zimene timaiwala. Agogo amene mwawaitana kudzalera khanda amabwera pa viza ya mlendo. Akagonekedwa m'chipatala ku England, amawalipiritsa kuposa mtengo weniweni wa chithandizocho, pa 150 peresenti. Agulireni inshuwalansi asanakwere ndege. Ndiponso mukabwera kuno kudzacheza, mwani mankhwala oteteza ku malungo, pakuti thupi limene lakhala nthawi yaitali kutali ndi udzudzu limataya mphamvu yolimbana nawo. Mwana akatentha thupi mutabwerera, uzani dokotala msanga kuti munali ku Malawi. Iye saona malungo tsiku ndi tsiku monga anzake a kuno.

Mabwana ndi madona, mukupita kukafuna tsogolo la ana anu, ndipo palibe angakudzudzuleni. Koma musanamange katundu, khalani pansi, bambo ndi mayi, mulembe dzina la aliyense, matenda ake, mankhwala ake ndi tsiku limene adzatha. Pepala limenelo likhale m'chikwama cha m'manja, pamodzi ndi pasipoti. Muyende bwino, ndipo musaiwale kumudzi.