CIBALE NDI FUPA: NKHANI YA SCROOGE

M'mwezi wa December 1843, mu mzinda wa London ku Mangalande, munaturuka kabuku kochedwa A Christmas Carol. Mlembi wace, Charles Dickens, anaudziwa umphawi ali mwana. M'caka ca 1824 atate ace anaponyedwa m'ndende cifukwa ca ngongole, ndipo iye, ali ndi zaka 12 zokha, anakagwira nchito m'nyumba yopangiramo mankhwala opukutira nsapato. Anaona ndi maso ace m'mene ndarama zimabalalitsira banja.

Mwini nkhaniyi ndiye Ebenezer Scrooge, nkhalamba yolemera koma youmira. Ambiri amayesa kuti analibe abale, koma si tero ai. Anali ndi mlongo wace, Fan, amene anamkonda kwambiri, ndipo pomwalira anasiya mwana wamwamuna, Fred. Fred anadza kudzaitana atsibweni ace ku phwando la Krisimasi, koma iwo anampitikitsa ndi mau okalipa. Panalinso namwali, Belle, amene Scrooge anapalana naye ubwenzi pa unyamata wace. Iyeyu anamasula pangano poona kuti mtima wa mwamunayo wapita ku cuma. Cikondi sicinamthawe Scrooge: iye mwini ndiye anacitsekera pakhomo.

Usiku wina anamdzera mzukwa wa Jacob Marley, mnzace wa malonda amene anafa zaka 7 m'mbuyomo, ukukoka unyolo wa mabokosi a ndarama. Pambuyo pace panadza mizimu itatu, yomuonetsa zakale, zatsopano ndi zam'tsogolo.

Mzimu waciwiri unamtengera kwa kalaliki wace, Bob Cratchit, wolandira mashilingi 15 pa sabata, namadyetsa mkazi ndi ana 6. Tsekwe mmodzi anakwanira onse, ndipo anamyamikira ngati ng'ombe yathunthu. Pambali pa atate ace panakhala kamwana kopunduka, Tiny Tim, koyenda ndi ndodo. Ucokere apo, mzimuwo unamuulutsira ku cipululu kokhala anthu a m'migodi. M'kanyumba kosauka anapeza nkhalamba ndi mkazi wace, ana, adzukulu ndi ana a adzukulu, atazinga moto, alikuyimba. Kunja kunali mphepo yozizira, koma m'katimo simunali wosungulumwa.

Mzimu wacitatu unamuonetsa maliro awiri. Tim atamwalira, nyumba yonse inali cete ndi cisoni. Koma mwini cuma atafa, panalibe wokhetsa msozi. Anchito anamvula ngakhale malaya, nakawagulitsa. Pamwala wa pamanda Scrooge anawerenga dzina lace.

Kutaca, anatumiza nkhukundembo yaikuru kwa Cratchit, osachula dzina lace. Koma cobvuta koposa cinali cina. Anayenda uku ndi uku pakhomo pa Fred, manyazi atamgwira, asanalimbe mtima kugogoda. Fred sanamwerengere zolakwa. Anangomgwira dzanja, namlowetsa. Mawa lace anamkwezera Bob malipiro, ndipo kwa Tim, amene sanafe, anasanduka ngati atate waciwiri.

Munthu wolandira malipiro m'tauni angathe kutumiza ndarama kwao osasowa mwezi, koma iye mwini osaoneka zaka zambiri. Dickens alikunena kuti mphatso yokha sikwanira: Scrooge anayenera kupita ndi mapazi ace. Cibale ndi fupa, siciola. Koma wofuna kugogoda agogode akali moyo.