Nyumba Imene Ophunzira Anadzimangira Okha



Mwandipempha kuti ndikambeko zimene ndinaona pamene boma linanditumiza kukapitiriza maphunziro ku yunivesite ya Edinburgh ku Scotland. Sindikamba za m'kalasi ayi. Ndikamba za nyumba imodzi, yotchedwa Teviot Row House.

Nyumbayi inatsegulidwa m'chaka cha 1889, ndipo ndiyo yakale koposa pa dziko lonse mwa nyumba zimene zinamangidwira bungwe la ophunzira. Isanamangidwe, wophunzira akatuluka m'kalasi analibe poti n'kukhala ndi anzake. Ena ankangobwerera ku tizipinda ta lendi, ena ankathera kumowa. M'chaka cha 1884 ophunzirawo anakhazikitsa khonsolo yowaimira, motsogozedwa ndi Robert Fitzroy Bell, ndipo ntchito yake yaikulu yoyamba inali kufunafuna ndalama zomangira nyumba yawoyawo.

Sanakhale pansi kudikira akuluakulu a sukulu. Anayenda ndi mbale yopemphera kwa anthu a mumzindamo, kenaka m'chaka cha 1886 anachititsa chiwonetsero ndi malonda pa Waverley Market, pomwe anapeza mapaundi pafupifupi 10,000. Paja mutu umodzi susenza denga.

Amene anajambula mapulani ndi Sydney Mitchell ndi mnzake George Wilson. Iwo sanafune kuti iwoneke ngati ofesi, koma anatengera mamangidwe a nyumba za mafumu a ku Scotland a zaka za m'ma 1500. N'chifukwa chake ukaima kutsogolo kwake umaona nsanja zozungulira za miyala yosema, ndi mawindo aatali ngati a tchalitchi. M'kati anaikamo chipinda chodyera, laibulale ndi malo ochezera. Koma chipinda chimene chinandigwira mtima ndi holo ya mtsutso, imene ili pamwamba. M'menemo mnyamata wa chaka choyamba ankatha kuimirira n'kutsutsa wamkulu, popanda womuopseza.

Tisabise, nyumbayi inali ndi chilema chake. Kwa zaka zoposa 80 inali ya amuna okhaokha. Akazi analoledwa kukhala mamembala m'chaka cha 1971, ndipo mu 1973 bungwe la nyumbayi linaphatikizana ndi khonsolo ija n'kupanga bungwe limodzi la ophunzira onse. Mu 2023 anaitseka kuti aikonze, ndipo china mwa zolinga chinali chakuti olumala azitha kufika m'zipinda zake mosavutika. Mukuona kuti mbadwo uliwonse wakhala ukutsegula chitseko chimene makolo ake anasiya chotseka.

Tsiku lina nditakhala m'holo muja, ndinakumbukira mtengo wa mango umene tinkachitira mtsutso pa sukulu yathu, mvula ikagwa n'kubalalika nkhani ili pakati. Ambiri a ife tinaphunzira kuyankhula pagulu pansi pa mtengo umenewo, ndipo lero tikudya nalo luso limenelo m'maofesi. Ana amene tinawasiya m'mbuyo akadali pomwepo.

Anyamata a mu 1884 aja analibe malipiro a pamwezi. Ife tili nawo, ngakhale ndi ochepa. Choncho, Bambo Wapampando, ndikupempha kuti nkhani ya chipinda cha ophunzira ilowe pa mndandanda wa zokambirana za msonkhano uno, tisanapite kukadya.