Foni Yamakono Ndi Chida cha Usodzi: Tiisamale Monga Timasamalira Ukonde

Mawu olankhulidwa pa msonkhano wa makomiti a m'madoko

 

Kawirikawiri tikakumana chonchi timakambirana za maso a maukonde, ziphaso ndi nyengo yotseka nyanja. Lero tabwera ndi nkhani ya chida china chimene sichilembedwa m'kaundula wa zida za usodzi, koma chili m'matumba mwa ambiri a ife. Tikunena foni yamakono, imene timaitchula kuti ya tachi.

Pamene ndondomeko yoti boma ndi asodzi aziyang'anira nsomba limodzi inkayamba ku nyanja ya Malombe mu 1993, uthenga unkayenda ndi munthu wa panjinga kapena kalata ya amfumu. Lero mtengo wa usipa ku Limbe kapena ku Lilongwe timaudziwa bwato lisanakocheze. Ndalama za nsomba zimabwera pa Airtel Money, imene inayamba mu 2012, kapena pa TNM Mpamba, imene inayamba mu 2013. Chenjezo la mwera nalonso limafika pa foni. Choncho foni yasenza zinthu ziwiri zikuluzikulu: chuma cha banja ndi moyo wa amene ali pa madzi. Palibe msodzi amasiya injini pa gombe usiku wonse popanda woyang'anira. Tisamale foni ndi mtima womwewo.

1. Pogula foni

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Foni yowala kunja ikhoza kukhala yakufa batire kapena yakuba. Musanapereke ndalama, ikanimo simukhadi yanu, imbirani munthu, yesani kamera, ndipo muone ngati ikulandira moto pa chaja.

Kenaka imbani *#06#. Patuluka nambala ya manambala 15 yotchedwa IMEI. Nambala imeneyi ili ngati nambala ya injini ya boti: foni iliyonse ili ndi yakeyake. Ngati foni ndi yatsopano, onani kuti ikufanana ndi imene yalembedwa pa katoni. Ilembeni m'buku kunyumba ndipo sungani lisiti. Foni ikadzabedwa, apolisi adzafuna nambala imeneyi.

Ngati mukugula foni imene wina anagwiritsapo ntchito, mwini wakeyo achotsemo akaunti yake ya Google inu mukuona. Akapanda kutero, tsiku limene mudzafufute zonse kuti muyambe mwatsopano, foniyo idzafuna mawu achinsinsi a mwini wake wakale ndipo siidzatsekuka. Wogulitsa akamakana kapena akamakufulumizitsani, siyani. Kupezeka ndi katundu wakuba ndi mlandu.

2. Simukhadi ikhale m'dzina lanu

Kuyambira mu 2018, bungwe la MACRA linalamula kuti simukhadi iliyonse ilembetsedwe ndi chiphaso cha mwini wake. Ena amagulabe simukhadi yolembetsedwa kale m'dzina la munthu wina pofuna kuchita zachidule. Kwa ife a m'mphepete mwa nyanja izi n'zoopsa kwambiri, ndipo chifukwa chake ndi ichi.

Ndalama za Airtel Money kapena Mpamba sizikhala m'foni. Zimakhala mu akaunti ya nambala yanu ku kampani. Foni ikagwera m'nyanja, ndalamazo sizimira nayo. Mumapita ku ofesi ya kampani ndi chiphaso chanu cha unzika, amakupatsani simukhadi ina ya nambala yomweyo, ndipo ndalama mumazipeza. Koma ngati nambalayo ili m'dzina la munthu amene simukumudziwa, mudzasonyeza chiphaso cha yani?

Amayi ochita malonda a nsomba, lembetsani nambala m'dzina lanu, osati la bambo a kunyumba kapena la mwana. Komanso tonsefe tisabwereke munthu chiphaso chathu kuti akalembetsere simukhadi yake. Akakaba nayo ndalama za anthu, dzina limene lidzatuluke ndi lathu.

3. Makiyi atatu a foni

Foni ili ndi makiyi atatu, ndipo onse ndi a mwini wake yekha.

Kiyi woyamba ndi nambala yotsekulira foni. Ikani nambala, kapena chala chanu ngati foniyo imalola. Foni yosatseka ili ngati nyumba yopanda chitseko.

Kiyi wachiwiri ndi PIN ya ndalama. Isakhale 1234, 0000 kapena chaka chimene munabadwa, pakuti chakacho chili pa chiphaso chanu. Isafananenso ndi nambala yotsekulira foni. Mukapita kwa ejenti, lembani PIN nokha, mutaphimba ndi dzanja. Amene zimakuvutani kuwerenga, pemphani munthu mmodzi wokhulupirika wa m'banja mwanu akuphunzitseni kunyumba mofatsa mpaka chala chizolowere. Safunsa anadya phula.

Kiyi wachitatu ndi mawu achinsinsi a akaunti ya Google pamodzi ndi nambala ya WhatsApp. Wina akamakuthandizani kutsekula akaunti ya Google, dzina la akauntiyo ndi mawu ake achinsinsi muzilembe pa pepala n'kusunga pamodzi ndi ziphaso zanu. Manambala a makasitomala anu muziwasunga mu akauntiyo. Mukatero, foni ikatayika manambala onse amabwerera mu foni yatsopano. Kumbali ya WhatsApp, nthawi zina mumalandira uthenga wa manambala 6. Munthu akakuimbirani kuti mumuwerengere manambalawo, kanani. Akufuna kulanda WhatsApp yanu kuti azipempha ndalama kwa abale anu m'dzina lanu.

Kuonjezera apo, mapulogalamu muziwatenga ku Play Store basi. Foni ikanena kuti ikufuna kukonzanso mapulogalamu ake, iloleni pamene muli ndi bandulo yokwanira ndi moto wambiri, chifukwa kumeneko n'kusoka mabowo amene akuba amalowera.

4. Madzi, dzuwa ndi moto

Adani a foni pa doko ndi madzi, dzuwa, mchenga ndi chaja yolakwika.

Popita pa nyanja, ikani foni m'kathumba ka pulasitiki kotseka bwino, kapena m'kachigubu ka pakamwa papakulu kokhala ndi chivindikiro cholimba. Ikhale yomangirira pa thupi lanu ndi chingwe, osati pansi pa bwato. Bwato likagubuduka, foni imene ili pa thupi ndi imene ingakuthandizeni.

Foni ikanyowa, izimitseni nthawi yomweyo. Chotsani simukhadi, ndi batire ngati imachoka. Ipukuteni ndi nsalu youma, n'kuisiya pa mthunzi popita mphepo kwa tsiku limodzi kapena awiri. Musaiike pa chaja, musaiyanike pa thandala ngati usipa, ndipo musaiyandikitse ku uvuni wowambira nsomba. Ambiri amaikwirira mu mpunga, koma mpunga sutulutsa madzi amene alowa m'kati, ndipo fumbi lake limatseka polowera chaja.

Batire ya foni simvana ndi kutentha kopitirira madigiri 35, ndipo ku Mangochi, Salima, Nkhotakota ndi Karonga m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala nthawi zina kumatentha kuposa pamenepo. Musaisiye pa mchenga, pa denga la malata kapena pafupi ndi injini. Mukaona kuti kumbuyo kwa foni kwatukuka, batire yatupa. Lekani kuigwiritsa ntchito, pakuti ikhoza kuyaka. Pitani nayo kwa okonza mafoni. Batire yakufa tisaiponye pa moto kapena m'nyanja, m'madzi momwe timamwa ndi kuphamo nsomba.

Chaja wamba ya foni imatulutsa mavoti 5, pamene batire imene timayatsira nyale za usipa ndi ya mavoti 12. Kulumikiza foni ndi mawaya ku batire yotere popanda kachida kotsitsa mphamvu n'kuiotcha. Musatchaje foni pafupi ndi zigubu za petulo, kapena pansi pa pilo. Mukaisiya kwa otchaja mafoni pa msika, izimitseni kaye. Ndipo musanaigwire, pukutani m'manja, chifukwa mamba, mafuta a nsomba ndi mchenga zimatseka sipika ndi polowera chaja.

5. Foni pa nyanja

Nthambi ya boma yoona za nyengo imapereka machenjezo a mphepo ya mwera, imene imavuta kwambiri kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, komanso a namondwe monga Freddy amene anaononga chigawo cha kummwera mu Malichi 2023. Machenjezowa amamveka pa wailesi ndipo amafikanso pa mafoni. Koma uthenga wa pa WhatsApp umazungulira ngakhale patapita chaka. Musanaukhulupirire kapena kuutumiza kwa ena, onani tsiku limene unalembedwa ndi amene anaulemba.

Tikupempha kuti bwato lililonse lizinyamuka ndi foni imodzi yodzaza moto ndiponso yokhala ndi mayunitsi. Foni imeneyi si yoimbira nyimbo usiku wonse podikira usipa. Zimitsani intaneti kuti moto usathe msanga. Uzani a kumtunda dera limene mukupita ndi nthawi imene muyembekezera kubwerera. Nambala ya apampando a BVC, ya mwini chida ndi ya polisi yapafupi zikhale zosungidwa kale.

Netiweki ikafooka, uthenga wolemba umatha kudutsa pamene kuimba kwakanika, choncho yesani zonse ziwiri. Asodzi a ku Makanjira, Likoma ndi Karonga adziwe kuti pafupi ndi malire foni imatha kugwira netiweki ya ku Mozambique kapena ya ku Tanzania, ndipo mayunitsi amatha msanga.

Koma tinene mosabisa: foni siyandamitsa munthu. Pakati pa nyanja netiweki imatha. Jekete lodzitetezera pa madzi, nkhafi zapadera ndi kumvera chenjezo n'zofunikabe monga kale. Ena amati foni imaitana mphezi. Si zoona. Choopsa ndi kukhala pa madzi poyera mvula ya ziphaliwali ikamabwera, kaya muli ndi foni kaya mulibe.

6. Akuba a pa foni

Akuba a masiku ano sathyola chitseko. Amadziwa nthawi imene usipa wagwidwa wambiri ndipo pa doko pali ndalama. Njira zawo ndi izi:

Amatumiza uthenga woti ndalama ija mutumize pa nambala iyi, ngati kuti munapangana kale. Amaimba kunena kuti atumiza ndalama kwa inu molakwitsa ndipo muwabwezere. Amanena kuti mwapambana mphoto, kapena mwasankhidwa kulandira ngongole ya injini kapena thandizo la boma, koma muyambe mwalipira kandalama. Ena amadzitcha ogwira ntchito ku kampani ya mafoni ndipo amafuna PIN yanu. Enanso amati mbale wanu wachita ngozi, tumizani ndalama msanga.

Onsewa amafanana pa chinthu chimodzi: amakufulumizitsani kuti musaganize. Mankhwala ake ndi kudula foni, kenaka n'kuimbira mwini nkhaniyo pa nambala imene mumaidziwa kale. Kampani ya mafoni sifunsa PIN. Mphoto yeniyeni silipiritsa.

Pogulitsa nsomba, musapereke katundu chifukwa choti wogula wakuonetsani uthenga pa foni yake. Ngakhale uthenga wolowa mu foni yanu ukhoza kukhala wabodza. Imbani *211# pa Airtel Money kapena *444# pa Mpamba, muone nokha ngati ndalama zachulukadi. Mukaberedwa, musachite manyazi. Dziwitsani kampani ndi apolisi tsiku lomwelo, ndipo musafufute mauthengawo chifukwa ndi umboni. Dziko lathu lili ndi lamulo la 2016 lolanga umbanda wa pa makina a intaneti ndi mafoni.

7. Udindo wa komiti

Makomiti ambiri ali ndi magulu a WhatsApp. Izi n'zabwino ngati gululo lili ndi malamulo. Likhale la nkhani za doko: nyengo, misonkhano, mitengo ndi ngozi.

Mukajambula munthu akukokera ukonde woletsedwa, neti ya udzudzu, kapena akupha nsomba nyanja itatsekedwa, tumizani chithunzicho kwa mlangizi wa za usodzi ndi apampando okha. Musachiike pa gulu, ndipo musatchule amene wapereka uthenga, kuopa kumuika m'mavuto. Komanso membala amene amaimbira anzake kuwatsina khutu kuti oyendera nyanja akubwera, akugulitsa chambo cha ana athu.

Ndalama za komiti zisasakanizike ndi za munthu pa nambala imodzi. Ndalama iliyonse yolowa kapena yotuluka pa foni ilembedwe m'buku la msungichuma pamodzi ndi tsiku ndi nambala ya uthenga wake, ndipo bukulo liziwerengedwa pa msonkhano. Polipira chiphaso cha usodzi, funani lisiti la boma nthawi zonse.

Makolo, tiziona zimene ana akuchita pa mafoni athu. Juga za pa foni zimadya ndalama za ufa mwakachetechete. Atsikana ndi amayi, munthu akakuopsezani ndi zithunzi kapena mauthenga olaula, sungani umboni ndipo kanenani ku polisi. Wolakwa ndi iyeyo, osati inu.

Pomaliza

Tisanakumanenso, banja lililonse lichite zinthu zitatu izi: lilembe nambala ya IMEI m'buku, litsimikize kuti simukhadi ili m'dzina la mwini wake, ndipo lisinthe PIN ngati ilipo ina imene anthu ena akuidziwa. Komiti iliyonse isankhe achinyamata awiri, mnyamata ndi mtsikana, oti azithandiza akuluakulu kuphunzira foni popanda kuwafunsa PIN. Mutu umodzi susenza denga.