KALEMBEDWE KA KEYALA YA GULU PA INTANETI

Lero tikambirana za keyala.

Inu nonse mudziwa kuti kalata yolembedwa dzina la munthu lokha, popanda mudzi ndi positi ofesi, siifika. Chomwechonso ndi magulu okambirana pa intaneti a mtundu wa Lemmy, umene unayamba mu 2019, ndi Mastodon, umene unayamba mu 2016. Magulu amenewa sakhala m'manja mwa kampani imodzi monga muja achitira a Facebook. Ali pa makompyuta ambiri otchedwa seva, ndipo seva iriyonse iri ngati mudzi, ndi mwini wake ndi malamulo ake. Midzi imeneyi itumizirana mauthenga potsata pangano lotchedwa ActivityPub, limene linakhazikitsidwa mu 2018. Tsono munthu alembetsa dzina pa seva imodzi, nacheza ndi a m'maseva ena ali kwao komweko.

Mukafuna kulozera mnzanu ku gulu la pa Lemmy, lembani chizindikiro !, kenaka dzina la gululo, kenaka chizindikiro @, pomaliza dzina la seva yake. Mwachitsanzo, !gardening@lemmy.world ndi gulu la olima madimba. Musasiye dzina la seva, chifukwa maseva awiri akhoza kukhala ndi magulu a dzina limodzi, koma anthu ake osiyana. Keyala ya munthu iyamba ndi @. Wa pa Mastodon akafuna kutsata gulu la pa Lemmy, alembenso @ m'malo mwa !.

Ambiri alakwa pongokopera keyala yaitali yoyamba ndi https. Mnzanu akaitsegula, afika pa seva ya eni ake monga mlendo: aona zolembedwa, koma sangathe kufunsa kapena kuyankha, popeza dzina lake sanalembetse kumeneko. Keyala yoyamba ndi ! imtsegulira gululo kudzera pa seva yake yomwe.

Gulu likapanda kuoneka, musafulumire kunena kuti kulibe. Kapena palibe munthu wa pa seva yanu amene analitsatapo kale. Lembani keyala yonse pa malo ofufuzira, dikirani pang'ono, ndipo mufufuzenso. Mukalitsata, zolembedwa zatsopano zidzayamba kufika, ngakhale zakale sizibwera zonse. Nthawi zina eni seva yanu anatseka njira ya ku seva inayo, ndipo apo muyenera kufunsa iwowo.

Kodi izi ziri ndi phindu lanji kwa mlimi? Nchemberezandonda zikagwa m'chimanga sizidikira. Mukampatsa mnzanu keyala yopereŵera, ataya masiku akufunafuna, mbewu zirikudyeka. Komabe kumbukirani kuti ambiri a m'magulu amenewa ali ku Ulaya ndi ku Amereka, kumene nthaka ndi nyengo nzosiyana ndi zathu. Musanathire mankhwala aliwonse amene mwamva kumeneko, yambani mwafunsa mlangizi wa dera lanu.