Mwana aone milu asanayambe kuloweza matebulo

Nkhani ya lero ndi ya masamu a ana athu, makamaka kuchulukitsa.

Mwawamvapo ana akuimba matebulo aja a kuseri kwa kope, mpaka khosi kuuma. Koma mufunseni mmodzi kuti mbuzi 7 zili ndi miyendo ingati, angoyang'ana pansi. Sikuti mwanayo alibe nzeru ayi. Analoweza mawu asanaone chimene mawuwo akunena. Aphunzitsi tisawaloze chala. Chiyambire maphunziro aulere a pulaimale mu 1994, m'makalasi ena ana amapitirira 100, ndipo mphunzitsi mmodzi sangafike pa aliyense ndi timiyala towerengera. Mbali imeneyo ndi yathu, kunyumba.

Wina anena kuti, "Ine sukulu ndinalekeza panjira, ndiphunzitsa chiyani?" Amayi, mukayala matimati pamsika milu 5, mulu uliwonse matimati 4, mumawerenga limodzilimodzi? Mumangodziwa kuti ndi 20. Kuchulukitsa n'komweko: kuphatikiza milu yofanana. Mpatseni mwana nyemba kapena zitsekerero za mabotolo, aunjike yekha milu 5 ya zinayizinayi, awerenge ndi chala, kenako alembe pansi 5 × 4 = 20. Dzanja liyambe, pakamwa patsatire.

Abambo, inu muli ndi chida choposa zonse, thabwa la bawo. Lili ndi mizere 4, mzere uliwonse maenje 8, onse pamodzi 32. Mwana akawerenga n'kutsimikiza, litembenuzeni thabwalo aliyang'ane cham'mbali. Tsopano akuona mizere 8 ya maenje 4. Mufunseni ngati maenje achuluka kapena achepa. Musamuuze yankho, dikirani. Akazindikira yekha kuti 4 × 8 ndi 8 × 4 n'chimodzi, wapeputsa katundu wamkulu, pakuti matebulo a 1 mpaka 10 ali ndi mafunso 100, koma ukachotsa obwereza amatsala 55 okha. Mukaika njere ziwiri m'dzenje lililonse, afike pa 64 polumpha ziwiriziwiri.

Musayende motsatana kuti 2, 3, 4 mpaka 12. Yambani ndi tebulo la 2, la 10 ndi la 5, pakuti miyendo ya nkhuku ndi zala ali nazo pafupi. La 4 ndi la 2 lowirikiza: ngati 2 × 6 ndi 12, ndiye 4 × 6 ndi 24. La 9 ana amaliopa pachabe. Taonani 18, 27, 36, 45: manambala awiriwo ukawaphatikiza amakupatsa 9 nthawi zonse, mpaka pa 90. Amene amavutadi ndi ochepa, monga 6 × 7 = 42, 6 × 8 = 48 ndi 7 × 8 = 56. Amenewa alembeni ndi khala pakhoma la khitchini, mwana aziwaona podikira nsima.

Sindikuti kuloweza kuthe. Kuloweza n'kofunika, chifukwa kugawa kumadalira pomwepa, ndipo pamayeso a MANEB a Sitandade 8 nthawi younjika timiyala palibe. Koma kubwere pambuyo, pang'onopang'ono, mafunso atatu kapena anayi madzulo poswa mtedza.

Chondipweteka mtima n'chikwapu. Mwana womenyedwa chifukwa cha 7 × 8 amadana ndi masamu mpaka kukula. Akalakwa, ingonenani kuti, "Taunjikanso tione." Ndipo mtsikana naye akhale pamphasa pomwepo, madzi akatunga mukatha.

Tsopano ndipemphe abambo awiri atibweretsere thabwa la bawo, ndipo ana a Sitandade 3 amene ali pano abwere kutsogolo. Makolo sendererani pafupi, mufunse mafunsowo ndinu.