Tifule ziti, tisiye ziti? Mawu kwa alimi a ku Nkhoma, Mitundu ndi Nathenje



Alimi ambiri akhala akutifunsa kuti: "Bwanji ng'ombe yanga yofula ikukwerabe zazikazi?" Chomwe chimautsa chilakolako mwa nkhunzi ndi mahomoni ochokera m'mavalo. Thole likafulidwa lisanathe miyezi 6, limakula lofatsa, silimenyana ndi zinzake ndipo silivutitsa misoti kubusa. Koma nkhunzi yofulidwa itazolowera kale kukwera imatha kupitiriza khalidweli kwa miyezi ingapo, ndipo m'masabata oyambirira ikhoza kuperekabe bere.

Ambirife timachedwetsa dala kufula pofuna khosi lalikulu la goli. N'zoona, khosi limakuladi. Koma taonani zomwe timachita. Nkhunzi zamphamvu ndi zomwe timafula kuti zizikoka ngolo kupita kumsika wa Mitundu, n'kusiya zonyentchera kuti zizikwera misoti kudambo, mwina azilongo awo omwe. Kenako n'kumadandaula kuti ng'ombe zathu za Zebu zikunka zichepa msinkhu! Nkhunzi yabwino koposa isungidwe kuti ikhale yambewu, mathole otsalawo afulidwe akadali aang'ono.

Mpeni umasiya bala, ndipo nthawi ya dzinja ntchentche sizichedwa kuikiramo mphutsi. Chipangizo cha Burdizzo chimangofinya mitsempha osang'amba chikopa. N'chifukwa chake tikupempha Unduna wa Zaulimi kuti mlangizi wa ziweto aliyense akhale nacho, komanso azilengeza kudzera mwa mafumu tsiku lofula, kuti mlimi asamadikire mpaka thole litasanduka nkhunzi.